Mayina Amene Anali mu Laputopu

"Funso langa ndi limodzi, abambo a Hope. Anakutumani ndani kuti muitenge?"

Gladson sanatembenuke. Anali atanjuta pakhonde akupopa tayala la njinga yake, yomwe ankayendera m'midzi pogula nandolo wokagulitsa ku Limbe.

"Ndiye kuthandiza mkazi wako masiku ano ndi mlandu? Si iwe wemwe unkadandaula tsiku ndi tsiku kuti ikuchedwa kuyaka?"

"Kuchedwa kuyaka n'kwina, kusayakiratu n'kwinanso. Ndinaisiya m'sutikesi, pansi pa zitenje zanga, ili bwinobwino. Ndapita kumaliro ku Mikolongwe masiku awiri okha, ndabwerako, taonani."

Viola anamuyandikizira laputopuyo kumaso. Sikilini inali bii, kupatula kamzere kamodzi ka Chingerezi pakona, konena kuti makinawo sakupeza poyambira.

"Kalinde wa pamsika uja wanena kuti munadzaza mavairasi," anatero Gladson akumanga kapu ya tayala. "Adya Windows yonse. Wati ingofunika kuikamo ina basi. Nkhani yaing'ono."

"Nanga bwanji sanaikemo?"

"Magetsi anathima."

"Masiku awiri onse?"

"Iwe, magetsi ndimayatsa ndine?"

"Mukudziwa zimene zili m'menemu? Ntchito yanga ya chaka chathunthu. Kwatsala masabata atatu kuti ndikaipereke kukoleji."

"Eya, tayambapo. Tikadzuka koleji, tikakhala koleji. Pakhomo pano munthu ukafuna madzi osamba uyambe wadikira amalize kudina mabatani. Foni ikangolira, wathamangira kuseri kwa bafa."

"Amakhala amayi a m'mudzi muno. Nkhani zawo si zoti inu muzimva."

"Amayi a mawu a besi?"

"Amenewo ndi a Salimu, aphunzitsi anga. Ndinakuuzani kangati?"

Gladson anaseka chamumphuno, nakwera njinga n'kutuluka pampanda.

Viola anali mlangizi wa zaumoyo. Ankayenda m'midzi isanu ya m'dera lawo kuyeza ana sikelo, kupereka katemera ndi kuthandiza amayi pa zakulera. Kwa zaka ziwiri ankaphunziranso dipuloma pakoleji ina ku Blantyre, ndipo chomwe chinatsala chinali lipoti la kafukufuku wake. Mutu wake unali woti n'chifukwa chiyani amayi ena amalera mobisa, amuna awo osadziwa. Amayi makumi anayi anavomera kucheza naye, ena kudimba, ena pamjigo anzawo atachoka. Aliyense anamulonjeza kuti dzina lake silidzamveka. Mu lipotimo mayi aliyense anali nambala chabe.

Loweruka m'mawa kunabwera mkulu wake, Easter, yemwe ankaphunzitsa makompyuta pasekondale ina kuboma. Anatsika pakabaza atanyamula kachikwama, nakana tiyi, n'kukhala pamphasa pakhonde pomwe panali kuwala.

"Usade nkhawa, sindifufuta kanthu," anatero potulutsa fulashi. "Umu muli Windows yatsopano. Koma tiyambe taona ngati makinawa akuiona disiki yako. Akaiona, tikopera kaye zako zonse, kenako tiikemo ina."

Analowetsa fulashiyo, nayatsa, n'kudina batani limodzi kangapo. Sikilini inasanduka yabuluu. Viola anapumira m'mwamba. Easter anasankha chilankhulo, napitiriza mpaka anafika pomwe pulogalamuyo imafunsa kuti Windows iikidwe pati. Pabokosi pomwe pankayenera kutuluka dzina la disiki panali mbee.

"Achemwali, bwanji palibe cholembedwa?"

"Zimachitika. Malaputopu ena amafuna kapulogalamu kakang'ono kothandiza Windows kuti iione disiki. Ndabwera nako."

Anakalowetsa. Anadikira. Bokosi linakhalabe lopanda kanthu. Anazula fulashi n'kuilowetsa mbali ina. Chimodzimodzi. Anatulutsa fulashi yachiwiri, nayambiranso poyamba. Palibe chinasintha. Hope, mwana wa Viola wa zaka zinayi, anabwera kudzasuzumira, ndipo mayi ake anamuuza kuti akasewere kwa agogo ake.

"Chabwino, tiwafunse makinawo eniake," anatero Easter. Anazimitsa, nayatsanso, n'kulowa patsamba lina la zilembo zokhazokha. "Pano timati pa bayosi. Ndi pamene laputopu imalembapo ziwalo zake zonse, ngakhale mulibe Windows. Waona, iyi ndi memore, ilipo. Batire ilipo. Mzere uwu ndi wa disiki."

"Palembedwa chiyani?"

"Palembedwa kuti palibe."

Easter anasintha kena kake kokhudza mmene disiki imalumikizirana ndi makina, nasunga, nayatsanso. Anabwerera pamzere womwe uja. Unali momwemo.

"Ndiye kuti yafa?" Mawu a Viola anatuluka aang'ono.

"Mwina yafa. Mwinanso yangosuntha pomwe inalumikizidwa. Alamu anainyamula panjinga, ndipo msewu wa ku Ndundewu ukuudziwa mabampu ake."

Anagunditsa khutu lake pafupi ndi mabatani, nakhala chete kumvetsera. Kenako anainyamula laputopuyo ndi dzanja limodzi ngati akuyeza kulemera kwake, naitembenuza chafufumimba. Anayang'anitsitsa timabawuti ta kunsi.

"Unaitsegulitsapo iyi?"

"Chigulire sinatsegulidwepo."

"Timabawutiti n'tokalikakalika. Kamodzi palibe."

Anatulutsa kachitsulo komasulira m'chikwama. Atachotsa chivundikiro, onse awiri anaweramira. Pamalo pomwe pankayenera kukhala disiki panali chikatoni cha sopo chopindidwa kanayi. Kuti chisamagwedere, wina anachimata ndi chingamu chotafuna kale, chomwe chinali ndi zidindo za mano.

Easter anachichotsa ndi nsonga ya kachitsulo kaja, nkhope atakwinya, n'kuchitaya pabwalo.

"Ola lathunthu tikufunafuna chinthu choti mulibe. Viola, disiki yako sinafe. Anaichotsa."

Gladson anabwera dzuwa lili paliwombo, matumba awiri a nandolo ali pakaliyala. Atamuonetsa, anagwira pakamwa.

"Aaa! Ndiye kuti Kalinde ndi wakuba! Anthu a masiku ano!"

"Tiyeni limodzi, alamu, tikamufunse," anatero Easter.

"Pitani kaye inu. Ine ndili ndi nandolo woti ndiyeze."

"Nandoloyo athawa?"

"Alamu, pano ndi pakhomo panga. Musandilamule ngati mwana wa sukulu yanu."

Ankalankhula akuyang'ana matumba, osati anthu.

Shopu ya Kalinde inali kachipinda ka malata pakati pa butchala ndi wometa tsitsi. Ankatchaja mafoni, kuika nyimbo m'mamemore ndi kukonza mawailesi. Pabenchi la panja panali amuna asanu akusewera bawo. Ataona Viola anasiya kusewera. Wina anagunyuza mnzake ndi chigongono.

"A dokotala!" anafuula Kalinde ali m'kati, akutafuna chingamu. "Takulandirani. Lero tikubayani ndife."

"Ndabwerera disiki yanga."

"Disiki iti?"

Easter anaika laputopu yotsegula kunsi ija patebulo, pamwamba pa mafoni a anthu.

"Achimwene, ine ndimaphunzitsa zimenezi. Tisatayitsane nthawi. Munachotsa disiki, n'kuikamo chikatoni. Ili kuti?"

Kalinde anayang'ana amuna a pabenchi aja, namwetulira.

"Mayi, ine ndimagwira ntchito imene ndatumidwa. Mwini wake anabwera yekha. Anati mkazi wanga akundiyenda njomba, ndikufuna ndione mameseji ndi zithunzi zonse zili umu. Laputopu ili ndi pasiwedi. Ndiye ndinamuuza kuti njira yachidule n'kuchotsa disiki, tiilumikize pakompyuta yangayi, tione mosathamanga. Laputopuyo abwerere nayo kuti mayi asadabwe, anene kuti ndi mavairasi. Ndalakwa pati?"

"Mwini wake ndi uyu," anatero Easter akuloza mng'ono wake.

"Iyayi. Wokwatira ndi Gladson. Katundu wa m'nyumba mwake ndimufunse chiphaso?"

Pabenchi panamveka kuseka.

"Ndipotu ndikuyamikireni, a dokotala," anapitiriza Kalinde. "Tinafufuza masiku atatu, chibwenzi sitinachipeze. Ndinu mayi wokhulupirika. Bwana wanu anachita kukhumudwa. Koma tinapezamo zina zokoma."

Mmodzi wa amuna aja anachepetsa mawu ake kuti amveke ngati a mzimayi. "Ine nambala seventini. Ndimabayitsa jakisoni ndikanama kuti ndikupita kuchigayo."

Anzake anagwa nako kuseka, wina mpaka kumenya bawo, nkhomo n'kumwazika.

Mawu amenewo Viola ankawadziwa. Anawalemba yekha, monga momwe mayi wina anawanenera akulira m'dimba la mpiru. Ndipo m'disiki momwemo, mufoda ina, munali tsamba limodzi lomwe linkasonyeza kuti nambala iliyonse ndi ndani, wa mudzi uti, mkazi wa yani. A Salimu anamuuza kuti mndandanda umenewo aulembe papepala n'kuutsekera kuntchito. Iye anaopa kuti pepala lingagwe m'manja mwa munthu. Anaganiza kuti pasiwedi ndi loko wokwanira.

"Mayina aja mwaonetsa ndani?" anafunsa.

"Ine sindinaonetse munthu. Ndinangojambula masambawo n'kuponya pagulupu lathu la mpira la pafoni. Amuna ali ndi ufulu wodziwa zimene zikuchitika m'nyumba zawo. Kapena ndanama, akuluakulu?"

"Pagulupupo pali anthu angati?"

"Ndani amawerenga? Midzi yonseyi imakonda mpira."

"Disikiyo ili kuti?" anafunsa Easter.

"Bwana anaitenga dzana. Kafunseni kunyumba."

Atatuluka, Viola anafika kuseri kwa butchala n'kusanza. Easter anamugwira pamsana mpaka anamaliza.

"Achemwali, pitani kunyumba mukakhale ndi Hope. Ine ndiyambe kuwachenjeza."

"Makumi anayi onse? Wapansi?"

"Nanga ndiwatumizire uthenga pafoni zimene amuna awo amagwira?"

Tsiku limenelo anafikira amayi asanu ndi mmodzi. Lamulungu sanapite kutchalitchi, anafikira khumi ndi awiri. Wina anamanga katundu pomwepo n'kupita kwa mchemwali wake ku Mauwa. Wina anamuuza kuti wachedwa, mwamuna wake anamuwerengera kale mawu ake onse pamaso pa apongozi. Makomo awiri anamubweza ali pampanda. Kunyumba, Gladson anakana kuti disikiyo ali nayo, kenako anati anaisungitsa, kenako anasiya kuyankha. Ankabwera kudzadya n'kutuluka.

Lachiwiri m'mawa Viola akusesa pabwalo, anaona mzimayi ataima pampanda, mwana ali kumbuyo. Anali Nabanda wa kutsidya kwa mtsinje, yemwe Viola ankafuna kukamuona tsiku lomwelo. Nabanda anali ndi ana asanu ndi mmodzi. Pobereka womalizayo anataya magazi ambiri, ndipo madokotala anamuuza kuti mimba ina idzamupha. Mwamuna wake atakana zolera, Nabanda anakaikitsa mobisa kachipangizo ka pamkono.

Mkono wake wamanzere unali wokulungidwa ndi chidutswa cha chitenje chomwe chinauma gwa ndi magazi.

"Lowani, mayi. Khalani apa. Chachitika n'chiyani?"

Nabanda anakhala pansi. Sanalire.

"Amuna anga anabwera ndi foni dzulo masana. Anandiwerengera dzina langa, la mudzi, ndi zonse ndinakuuzani zija. Zakuti ndimaopa kufa n'kusiya ana. Ankawerenga akuseka. Kenako anati ndimuonetse pamene pali chinthucho. Ndinakana. Anaitana mng'ono wake kuti andigwire."

Viola ananyowetsa nsaluyo ndi madzi ofunda, naimasula pang'onopang'ono. Pamkonopo panali mabala atatu a lezala, limodzi lakuya, lotupa m'mbali. Munthuyo anakumba ngati akuchotsa thekenya.

"Anakapeza?"

"Sanakapeze. Anati lero ayesanso."

"Tikupita kuchipatala pompano. Bala ili likufunika kusoka. Kuchokera kumeneko tipita kupolisi."

"Kupolisi ayi. Akamangidwa, ana asanu ndi mmodzi adya chiyani?" Nabanda anayang'ana Viola m'maso koyamba. "Munandilonjeza, a zaumoyo. Munati ngakhale amuna anu sadzadziwa. Ndinakufunsani kawiri."

Viola anamanga balalo ndi bandeji, naitana kabaza.

Gladson anali ataima pakhomo la nyumba, kapu ya tiyi ili m'manja. Anaona zonse. Pamene Viola ndi Nabanda ankakwera njinga yamoto, iye anati, "Shuga watha m'nyumba muno."

Lamulungu lotsatira masana ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Kumbali ya Viola kunali amalume ake, a Mikaele, munthu wofatsa yemwe anapuma ntchito ya ukalipentala. Kumbali ya Gladson kunabwera mkulu wake, Cornelius. Easter anakhala pamphasa pafupi ndi mng'ono wake, laputopu ili pamiyendo.

A Mikaele atatsegula ndi pemphero, Cornelius anatsokomola.

"Ife sitinabwere kudzakangana. Mng'ono wangayu walakwa, wavomera. Chinthu chija wabwera nacho. Gladson, pereka."

Gladson anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kajumbo ka shuga. M'kati mwake munali disiki, kachitsulo kosaposa chikhatho. Anaiika pamphasa.

"Alamu, ikanimo tione," anatero Cornelius.

Easter anapukuta timbewu ta shuga tomwe tinamatirira, nailowetsa pamalo pake, n'kumanga chivundikiro. Atadina batani, laputopu inalira pang'ono, sikilini inawala, ndipo panatuluka chithunzi cha Hope atavala yunifolomu ya kumkaka. Viola analemba pasiwedi. Mafoda onse anali m'malo mwake. Panalibe vairasi, ndipo Windows inali yomwe ija.

Gladson anawomba m'manja kamodzi.

"Mwaona? Amalume, mwaona nokha. Palibe chatayika. Phokoso lonseli, chinthu chili bwinobwino."

"Tithokoze Mulungu," anatero a Mikaele. "Mwana wanga Viola, katundu wako wabwera. Mwamuna wapepesa. Nkhani ya m'nyumba ithere m'nyumba."

"Apepesa liti, amalume? Ine sindinamve."

"Kubweza n'kupepesa komwe," anatero Cornelius. "Komanso mlamu, tinene zoona. Mwamuna sachita nsanje popanda chifukwa. Mkazi akamaphunzira kwambiri, mafoni osatha, mtima wa mwamuna umakhala m'mwamba. Iyeyu anafufuza, wapeza kuti ndinu woyera. Si zosangalatsa zimenezo? Ena bwenzi akuvina."

"Ndivine?"

"Ndiponso amayi enawo, kubisira amuna awo nkhani yaikulu ngati imeneyo, n'kwabwino? Mwinatu Mulungu anafuna kuti zobisika ziululike."

Viola anatseka laputopu, naipereka kwa mkulu wake.

"Alamu, munamuona Nabanda?"

"Tamva kuti anavulala pang'ono."

"Anamusoka kasanu ndi kawiri. Mwamuna wake anamukumba mkono ndi lezala wometera ndevu, mng'ono wake atamukhalira pamiyendo, ana akuonerera. Fiona wa kumtunda uja anamuthamangitsa ndi mwana wa miyezi inayi. Wina sindimutchula, akumukakamiza kuti atenge mimba chaka chino kuti aonetse kuti walapa. Amenewo ndi amene ndikuwadziwa. Ndiye bambo awa akuti palibe chatayika."

"Ine sindinacheke munthu," anatero Gladson. "Sindinatumize chithunzi pagulupu. Anatumiza ndi Kalinde."

"Munali pomwepo?"

Gladson anayang'ana kumbali.

"Ndikufunsa, abambo a Hope. Pamene ankawerenga mayina aja mokweza, amuna akuseka pabenchi, inu munali kuti?"

"Ndinali pomwepo. Nanga ndikanatani? Ndimutseke pakamwa?"

"Munaseka nawo?"

"Aliyense ankaseka."

Easter anatembenuzira nkhope kumbali n'kulavula.

"Mwana wanga," anatero a Mikaele mofatsa, "zapweteka, tonse tikuona. Koma tamva kuti ukufuna kupita nazo kupolisi. Usatero. Uyu ndi bambo wa mwana wako. Ukamumangitsa, mawa Hope adzakufunsa. Anthu adzati sukulu yamuchititsa mwano."

"Ndinapita kale, amalume. Lachitatu. Ndinanena za Kalinde, ndinanena za awa, ndinanenanso za ine mwini, chifukwa mayinawo sindinayenere kuwasunga m'menemo. Kompyuta ya Kalinde anaitenga dzulo. Awa awaitana mawa."

Cornelius anadzuka. "Ndiye mwatiitanira chiyani ngati munaweruza kale?"

"Sindinakuitaneni ine. Munabwera nokha ndi kajumbo kanu."

"Viola, lankhula mwaulemu," anatero a Mikaele.

"Pepani amalume. Ndinawaimbiranso a Salimu, ndinawauza zonse. Kukoleji aimitsa kafukufuku wanga. Lipoti lija silikaperekedwa, ndipo andiitana kuti ndikayankhe pamaso pa komiti. Kuntchito nako akuluakulu akudziwa. Mwina dipuloma ija sindidzaiona. Zimenezo ndazilandira, ndi mphotho ya kupusa kwanga. Koma kuti madzulo ano ndiwaphikire bambo awa, ndiwapatse madzi osamba, tigone chipinda chimodzi, ayi. Ndikawayang'ana ndikumva nseru."

"Ukundithamangitsa?" Gladson anaseka mosakhulupirira. "Chifukwa cha akazi a eni?"

"Malo ano ndi a amayi anga. Munabwera ndi sutikesi imodzi ndi njinga. Sutikesiyo ndalongedza, ili pakhonde. Nandolo wanu mudzatenge mawa pochokera kupolisi."

Gladson anayang'ana a Mikaele kuti amulankhulire. Mkuluyo anapotokola chipewa chake.

"Mkono uja ndinauona kuchipatala," anatero potsiriza. "Ndimafuna banja lipulumuke, koma pakamwa panga pakulemera. Pitani kaye kwanu, bambo."

Sabata yachitatu chichitikireni zimenezi inali ya sikelo ya m'mudzi, yomwe inkachitikira m'nyumba yakale yopemphereramo kamodzi pamwezi. Akuluakulu a kuntchito anamulola Viola kupitiriza ntchito podikira kuti nkhani yake iunikidwe, poti panalibe wina woti apite. Anafika m'mawa, napachika sikelo pamtanda wa denga, nayala makadi ndi mankhwala patebulo.

Amayi oyezetsa ana anabwera, koma sanacheze naye monga kale. Ankapereka mwana, kulandira khadi, n'kutuluka. Itakwana nthawi ya zakulera, yomwe masiku onse benchi linkadzaza mpaka ena kukhala pansi, panalibe munthu. Viola anadikira mpaka dzuwa linapendeka. Anayamba kubwezera mabotolo m'bokosi.

Ndipamene analowa mtsikana wina, wosapitirira zaka makumi awiri, mwana wakhanda ali kumbuyo, wina akuyenda atagwira chitenje chake. Sanali mmodzi wa makumi anayi aja. Anayang'ana kunja kawiri asanakhale pansi.

"Ndimafuna jakisoni uja," ananong'ona.

"Mwachita bwino kubwera, mayi. Wamkuluyu ali ndi zaka zingati?"

"Chaka ndi miyezi itatu."

"Wakumbuyoyo?"

"Miyezi iwiri."

Viola anatulutsa botolo limodzi ndi jakisoni, natsegula kaundula, natenga cholembera. Mtsikanayo anayang'ana cholemberacho.

"Mulemba dzina?"

"Ndiyenera kulemba m'kaundula wa chipatala. Ameneyu amakhala kuntchito, mokiya. Sapita kunyumba."

"Simungandibaye osalemba?"

"Sindingathe, mayi. Mankhwala alionse otuluka ayenera kukhala ndi dzina. Koma ndikukulonjezani kuti..."

Mawuwo anamuthera pakamwa.

Mtsikanayo anadikira pang'ono ngati akufuna kumva mathero ake. Kenako anaimirira, nakokera m'mwamba mwana wakumbuyo, namanganso chitenje pachifuwa. Anagwira dzanja la wamkulu uja.

"Ndibwera tsiku lina," anatero, natuluka.

Viola anapita pakhomo n'kumuyang'ana akutsika kanjira ka m'munda wa chinangwa, mwana wamkulu uja akuthamangira kuti afanane naye mayendedwe. Anafuna kumuitana, koma sankadziwa dzina lake.